Kope Linachedwa Panjira

Nkhani iyi anandiuza ndi a Jobson eniake, Loweruka pa 15 Malichi, titabisala mvula pakhonde la sitolo pa Kamwendo. Ine ndangolemba momwe anandiuzira.

A Jobson kwawo ndi kwa Mavwere. Anagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti zaka 23. Sukulu analekeza Sitandade 4, ndipo Chingerezi sachiwerenga. Koma tsamba la fodya akangolikhudza amakuuzani ngati lachoka m'munsi kapena m'mwamba mwa mtengo, komanso ngati wolisokayo anali wachangu kapena waulesi. Pano anapuma. Munthu akaberedwa mbuzi kapena njinga kwawoko, amayamba wafika kwa iwo asanapite kupolisi.

Lolemba la sabata yomweyo anali m'chigafa akuyendera fodya, pomwe Zelifa anatulukira foni ili m'manja. Zelifa ndi mwana wa mlongo wawo. Waphunzitsa Sitandade 1 zaka 9 mongodzipereka, wopanda pepala la uphunzitsi. Amachita maphunziro a patali ndi koleji ina ya ku Lilongwe, ndipo chino chinali chaka chomaliza.

"Amalume, akuti ndakopera."

"Wakopera chiyani?"

"Asainimenti. Akuti yanga ndi ya a Stanley, a pa sukulu ya kutsidya aja, n'zofanana. Yawo inalowa Lachiwiri, yanga Lachinayi, ndiye wakuba ndine. Lachisanu kuli mlandu. Akandipeza wolakwa andichotsa. Zaka zitatu zonsezi zilowa m'madzi."

Sanalire. Maso okha ndiwo amaonetsa kuti kulirako anamalizira panjira.

A Jobson anamukhazika pa mpando. "Tandiuza bwinobwino mmene zimayendera. Ine izi sindizidziwa."

"Mafunso amabwera pa gulupu ya WhatsApp. Ine ndimalemba m'kope. Ndikamaliza, kope limapita kwa Felix pa Kamwendo, wotayipa uja. Iye amatayipa n'kulowetsa m'kalasi."

"Kalasi yake iti?"

"Ili momwemu." Anakweza foni. "Aliyense ali ndi poika pake. Ukaika ntchito yako, Madamu Wezzie amaitenga ali mu ofesi ku Lilongwe. Ndiye palinso china chimene chimawerenga ntchito za tonsefe, anthu 140, n'kunena ngati awiri afanana."

"Chimawerenga masiku angati?"

"Akuti musanamalize kumwa kapu ya madzi, chamaliza."

A Jobson anayang'ana kafoni kaja. Kanali kong'aluka pakona, komangidwa ndi kachingwe ka chubu. Anthu 140 momwemo, ndi makope awo omwe. Anakalandira ndi manja awiri, n'kukatembenuza kuti aone kumbuyo. Kumbuyoko kunalibe kanthu.

"Chabwino," anatero. "Belo la fodya likasokonekera, ife tinkalondola manja onse amene aligwira kuchokera m'chigafa mpaka ku okushoni. Kope lako lagwidwa ndi ndani?"

"Ine. A Davie akabaza, amene ndinawapatsira. Ndi Felix. Basi."

"Stanley?"

"Sanalionepo n'komwe."

"A Davie unawapatsa liti?"

"Lolemba lija pa 24 Febuluwale, 7 koloko m'mawa. Ndinalikulunga m'jumbo."

A Jobson anaitanitsa kopelo. Linali la mapeji 16 olembedwa, ndipo linkanunkha fodya wamuwisi, chifukwa Zelifa amalemba masana akapumira kusoka fodya wa mayi ake. Manja a munthu wosoka fodya amakhala akuda ndi utomoni, ndipo apa ndi apo pa kopelo panali zidindo za chala. Mawu sankawawerenga, koma manambala a pamwamba ankawaona. Atafika pa peji 6 ndi 7 zala zawo zinaima. M'mphepete munali mokhakhala, ndipo pakona panali podulidwa mowongoka.

"Apa wadula ndani?"

"Kaya. Labwera choncho kuchokera kwa Felix."

A Jobson anapisa kope m'thumba la jekete. Foni nayo anaipempha.

*

Lachiwiri m'mawa anapalasa njinga mpaka pa Kamwendo. Kashopu ka Felix kali kuseri kwa siteji ya maminibasi. Amatayipa, amachita fotokope, amachajanso mafoni. Mwini wake anakhalitsa ku boda akulembera mapepala oyendetsa matiraki, ndiye chiyankhulo chake n'chosakaniza.

"Mudala, khalani pansi! Ndamva kale, ndamva. Manje musandiyang'ane choncho, ine sindigulitsa ntchito za anthu. Ndikachita zimenezo mawa ndidya chiyani?"

"Sindinakunene. Kope linafika liti?"

"Lolemba. Koma magetsi anali atazima kuyambira Lamulungu, anayaka Lachitatu masana. Ndiye ndinalitsekera m'dirowa umu. Kiyi ndi uyu, amagona pakhosi panga. Lachitatu ndinatayipa, Lachinayi netiweki itagwira ndinalowetsa."

"Stanley anabwera muno masiku amenewo?"

"Abwere kudzatani? Ali ndi laputopu yawo aja. Muno amangodutsa ngati pali fungo."

A Jobson anatulutsa kope n'kutsegula pakati. "Apa?"

Felix anaseka. "Aa, apo ndine. Mapeji awiri amenewo anamatana gwa, ngati peji imodzi. Ndikutayipa ndinangoona kuti nkhani yaduka, 5 kenako 8. Ndinasaka lezala shopu yonse. Muwauze asisi azisamba m'manja, kiyibodi yanga inanunkha fodya masiku awiri."

"Unadula Lachitatu?"

"Lachitatu."

A Jobson anagwedeza mutu. Kenako anapereka foni ya Zelifa. "Tandionere ngati muli china cha tsiku la Lolembalo."

Felix anayendetsa chala pagalasi, masiku akubwerera m'mbuyo ngati munthu akupeta. Anaima. "Nachi. Asisi analemba pa gulupu. 'Anzanga ine ndamaliza, Mulungu ngwabwino. Kope ndapatsira a Davie akabaza akasiye kwa Felix.' Nthawi, 7:10."

"Anauza anthu onse?"

"Onse 140, mudala. Kwathu kuno munthu akamaliza kupalira amafuna mudzi udziwe. Manje taonani ichi." Anadina kwinakwake, ndipo panatuluka mndandanda wa mayina. "Awa ndi amene anawerenga uthengawo, aliyense ndi nthawi yake. Woyamba, Stanley. 7:12."

A Jobson anasendeza mpando. "Chimadziwa kuti munthu wayang'ana?"

"Chimadziwa."

"Ali kwawo, m'nyumba mwake, chitseko chotseka?"

"Olo ali kuchimbudzi, mudala."

A Jobson akuti apa anaganiza za ku esiteti. Pa esiteti kapitawo ankalemba amene wabwera ndi amene wajomba, koma panalibe kapitawo wolemba kuti diso la munthu lagwera pati, nthawi yanji.

Atadzuka kuti azipita, anatembenuka pakhomo. "Wati kope linafika Lolemba. Nthawi yanji?"

"Chakumasana. 12 itadutsa. Ndikukumbuka chifukwa ndinali ndikudya chipisi, a Davie n'kutolako ziwiri osapempha."

Kuchokera kwa Zelifa kufika pa Kamwendo, wakabaza amayenda ola limodzi ndi theka. Kope linanyamuka 7 koloko. Maola atatu ena onsewo linali kuti?

*

Tsikulo a Jobson sanawapeze a Davie pa siteji, chifukwa anali atanyamula munthu wa kuchipatala. Ndiye Lachitatu a Jobson anayamba apita kwa Stanley.

Stanley ndi wobwera, kwawo ndi kummwera. Amaphunzitsa pa sukulu yapulaiveti kutsidya la dambo, ndipo naye amafuna pepala lomwelo. Anawalandira pakhonde la kalasi, atapisira malaya, nsapato zikuwala ngakhale kunja kunali matope okhaokha.

"Bambo, ndikumvetsa kuti ndi m'bale wanu. Zimawawa. Koma izi ndi nkhani za maphunziro, zili ndi njira zake. Simungazimvetse bwinobwino."

"N'chifukwa chake ndikufunsa. Munalemba liti yanuyo?"

"Masabata awiri athunthu. Tsiku lililonse ndikaweruka, peji imodzi, pa laputopu yanga. Ine sindilemba zothamanga."

"Lolemba la pa 24 munali kuti?"

"Kumaliro kwa Dambe. Bambo ake a mnzanga. Ndinapita Lamulungu, ndinabwerako Lolemba madzulo."

"Pepani ndi maliro. Anali ndani malemuwo?"

Stanley anayang'ana wotchi. "Simungawadziwe. Bambo, kompyuta sinama. Yanga inalowa Lachiwiri, yake Lachinayi. Mlongo wathuyu angovomera, mwina amukhululukira. Ine kope lonunkha fodya ndingalitenge ndikalitani?"

Belu linalira, iye n'kulowa m'kalasi.

A Jobson anaima pakhondepo dzanja lili pa jekete. Kope linali m'thumba lamkati, ndipo sanalitulutse ngakhale kamodzi. Komabe anadziuza okha kuti nyengo ino chilichonse kwa Mavwere chimanunkha fodya, ngakhale ana a sukulu. Mawu amenewo sakanamanga munthu.

*

Masana a Jobson anawapeza a Davie pa siteji ya kabaza, atakhala pa kaliyala wa njinga yawo akukukuta chimanga chootcha. Ndi bambo wamkulu thupi, wa ana asanu, woyimba besi kukwaya.

"Achikulire! Mwabwera kudzakwera kapena kudzandimanga?"

"Zitengera iwe. Kope la Zelifa linachedwa kuti?"

"Tayala, achikulire. Linaphulika pa mlatho paja. Mulungu ndi mboni. Ndinachita kukankha njinga kubwerera kumudzi kukamatitsa, womatayo naye anali kumunda."

"Lakutsogolo kapena lakumbuyo?"

"Lakumbuyo."

A Jobson anagwada n'kulipsinja tayalalo ndi chala. Linali labwino, mano ake osatha.

"Davie, njinga ndayenda nayo zaka zambiri kuposa iwe. Tayala ngati ili siliphulika ndi kope. Unanyamula ndani?"

"Palibe."

"Zelifa anakuuza chiyani pokupatsa?"

A Davie analeka kutafuna. Anzawo a pa siteji anali atayamba kusendera. A Davie anawakokera a Jobson pambali, mawu atatsika.

"Anati ndisanyamule munthu, ndipite molunjika. Ndinavomera. Koma nditangopalasa pang'ono foni inalira. Aphunzitsi a Stanley. Akuti ndiwatenge pa mphambano, ali ndi changu cha pa Kamwendo. Ndiye ndinati njira ndi imodzi, cholakwika n'chiyani?"

"Jumbo inali pati?"

"Inali pa kaliyala. Ndiye munthu akakwera, mukudziwa mmene timachitira. Katundu wa pa kaliyala amanyamula ndi wokwerayo. Kaya ndi nkhuku, kaya ndi mankhwala a munthu, amafukata mpaka tifike. Palibe amene amafunsa."

"Tayala litaphulika?"

"Anati, 'Pitani mukamatitse, ine ndidikira pansi pa mkuyu pano, katunduyu musavutike naye.' Ndinathokoza, achikulire. Ndinawathokoza!"

"Utabwerako?"

"Jumbo inali yomanga bwinobwino. Iwo akuti changu chatha, abwerera. Ndinangoti anthu ophunzira ndi choncho."

"Ndiye tsiku limenelo sanali kumaliro kwa Dambe."

"Kwa Dambe? Ngati maliro ake anali pansi pa mkuyu, mwina."

"Unawaona akutsegula kope?"

A Davie anapukusa mutu. "Kunama sindinama. Sindinaone. Ndipo mukandiimika pamaso pa anthu a ku koleji, iwo akakana, akhulupirira wakabaza kapena mphunzitsi?"

Limenelo linali funso loona. A Jobson anabwerera kwawo.

Lachinayi lonse anakhala m'chigafa kope lili pamwendo. Amatsegula, kutseka, kutsegulanso. Amagwiranitsa peji 6 ndi 7 n'kuzisiya. Chakumadzulo anazigwiranitsanso, n'kutembenuza kuchokera pa 5 mwachangu, ngati munthu amene akuyang'ana kumsewu kuopa kupezedwa. Peji imene inatseguka inali 8.

Anaimirira. Yankho linali m'manja mwawo, koma linali m'Chingerezi, ndipo theka lake linali ku Lilongwe.

*

Mlandu unali Lachisanu 10 koloko, m'kashopu ka Felix, chifukwa ndi momwe netiweki imagwira. Felix anatseka chitseko n'kuzimitsa wailesi. Zelifa anakhala kutsogolo kwa kompyuta, manja ali pakati pa maondo. A Jobson anakhala pambali pake.

Galasi linaphethira, ndipo munatulukira mayi wa magalasi, kumbuyo kwake kuli mashelefu a mabuku. Pakona panali kabokosi kena, momwemo muli Stanley ndi taye. A Jobson anavula chipewa.

"Akutiona?" ananong'oneza.

"Ndikukuonani, bambo, ndipo ndikukumvani," anatero mayiyo. "Ndine Wezzie. Inu ndinu ndani?"

"Jobson, mayi. Malume wake."

Madamu Wezzie anayankhula mosazungulira. Ntchito ziwiri zafanana. Ya Stanley inalowa pa 25, ya Zelifa pa 27. Stanley anabwereza za masabata awiri ndi za maliro. Zelifa anakweza kope n'kunena kuti analemba yekha.

"Kope lilibe tsiku, Zelifa," anatero Madamu. "Munthu atha kukopera m'kope dzulo. Ndilibe chokuikira kumbuyo. Pali china?"

Zelifa anawerama. A Jobson anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Mayi, ine sindinaphunzire. Ndili ndi funso limodzi. Chinthu chanucho chikuti zafanana zonse, kapena pali pena posiyana?"

"Chikuti 88 pa 100."

"Posiyanapo mungapaone?"

"Ndingapaone. Nanunso mupaona."

Nkhope ya Madamu inachepa n'kupita pakona, ndipo galasi lonse linadzaza ndi ntchito ya Zelifa. Mizere yonse inali yopakidwa kufiira. Madamu anaitsitsa pang'onopang'ono, kufiira, kufiira, kufiira. Kenako mwadzidzidzi panabwera poyera, pataliko ndithu, kenako kufiiranso mpaka kumapeto.

A Jobson anasendera pafupi ndi galasi. Mayi ali ku Lilongwe, akutembenuza pepala lili pa Kamwendo, ndipo chinthu chosaoneka chasankha kale mawu onse m'magiredi awiri, bwino kuposa mmene iwo ankasankhira fodya.

"Chofiira ndi chimene chili konsekonse," anatero Madamu. "Choyera chili mwa Zelifa mokha. Ife tinati anaonjezera kuti abise."

"Ndi zomwezo," anatero Stanley.

"Mayi, tawerengani mawu oyamba a poyerapo. Zelifa, tsegula peji 6, uloze mzere woyamba."

Madamu anawerenga. Chala cha Zelifa chinali pa mawu omwewo, pamwamba penipeni pa peji. Anakweza kope kuti aone.

"Tsopano mawu omaliza a poyerapo. Zelifa, peji 7, pansi penipeni."

Analinso omwewo. Osapitirira ndi liwu limodzi, osaperewera.

Madamu anavula magalasi. "Bambo, mwadziwa bwanji?"

"Mwanayu amalemba akuchokera kosoka fodya, manja ali ndi utomoni. Mapeji awiri awa anamatana. Anakhala omatana mpaka Lachitatu, pomwe Felix anawadula ndi lezala. Choncho munthu amene anatsegula kope limeneli Lolemba, pansi pa mkuyu pa mlatho, wakabaza atapita kukamatitsa tayala, sanawaone. Anachoka pa 5 n'kugwera pa 8. Taonani m'ntchito ya aphunzitsiwo ngati pamenepo pakumveka."

Madamu anatsegula ya Stanley. Anafufuza, n'kuwerenga m'Chingerezi. Kenako anamasulira m'Chichewa, pang'onopang'ono.

"Akuti, 'Mvula ikayamba, ana onse timawalowetsa mu zitsekerero za mabotolo ndi nyemba.'"

Felix anadzigwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

"Mwa Zelifa," anapitiriza Madamu, "akuti timawalowetsa m'tchalitchi. Za zitsekerero ndi nyemba zikubwera patsogolo, pophunzitsa kuwerengera. A Stanley, ana anu mumawalowetsa mu nyemba?"

"Madamu, ndi kulakwitsa potayipa. Aliyense amalakwitsa. Ine ndalemba masabata awiri, ndinatopa."

"Chabwino. Tiyeni tione masabata awiriwo."

Apa ndi pomwe a Jobson anaona chinthu chimene akuti sadzaiwala. Madamu anafotokoza kuti pepala lililonse la m'kalasimo limasunga mbiri yake, kuyambira pomwe linali lopanda kanthu. Iwo sanaitsegule poyamba chifukwa anakhulupirira tsiku lolowera lokha.

Anayamba ndi la Stanley. Lachiwiri, 9:40 m'mawa, pepala loyera. 9:41, mapeji 14 odzaza.

"Mphindi imodzi," anatero Madamu. "Umu ndi mmene zimaonekera munthu akajambula zolemba pamanja ndi foni, n'kuuza foniyo izisandutse zotayipa, kenako n'kungothira. Tsopano la Zelifa."

Lachitatu, 2 koloko masana, pepala loyera. Kenako chilembo chimodzi chinatulukira chokha. China. China. Mawu anayamba kuyenda pagalasi popanda dzanja, akulakwitsa, kubwerera, kufufuta, kupitiriza. Felix anali ataima uko manja ali m'thumba, koma ntchito yake ya masabata awiri apitawo inkachitika pamaso pawo ngati ndi lero.

A Jobson anagwira mphepete mwa tebulo.

Madamu anathamangitsa zilembo zija mpaka kumapeto a peji 5. Pamenepo zinaima. Wotchi ya pakona inkayendabe, koma mawu ayi.

"Apa panadutsa mphindi 11 popanda kulemba," anatero Madamu. "Chinachitika n'chiyani?"

"Lezala!" anakuwa Felix. "Madamu, apo ndimasaka lezala! Mudala, mwaona? Chinandiona ndikusaka lezala!"

Zilembo zinayambanso kuyenda, ndipo mawu oyamba anali aja a pamwamba pa peji 6.

Atayang'ana pakona, kabokosi ka Stanley kanali katada. Dzina lokha ndilo linatsala.

Madamu Wezzie anavalanso magalasi. "Za a Stanley ndikazitengera kwa akuluakulu, ndipo wakabazayo tidzamufuna. Zelifa, mlandu ulibe. Ntchito yako ndiichonga lero. Undikhululukire, ndinayang'ana tsiku lokha." Kenako anayang'ana a Jobson. "Bambo Jobson, munkagwira ntchito yanji?"

"Yosankha fodya, mayi."

"Zikuoneka."

Galasi linazima. Zelifa anafukata kope pachifuwa, ndipo kulira kumene sanalire Lolemba kunabwera konse pamenepo.

*

Pomwe ankamaliza kundiuza, mvula inali itakata. Ndinawafunsa kuti atatero anatani.

"Zelifa ndinamukweza kabaza ya Davie yemweyo," anatero a Jobson. "Kope anafukata yekha. Ine ndinatsala. Ndinamuuza Felix andiikirenso zilembo zoyenda zokha zija, kuyambira poyamba. Titafika poima paja amafuna adumphitse, akuti palibe choona. Ndinamukaniza. Ndinakhala pomwepo chipewa chili m'manja, mphindi zonse 11, mpaka zinayambanso kuyenda. Kenako ndinakwera njinga kukaona fodya wanga."